Momwe mungasankhire kamera yaing'ono yojambulira zithunzi za tsiku ndi tsiku mu Lusaka

Aliyense amene anayesapo kujambula mwana wake akulandira satifiketi kutsogolo kwa holo, iye atakhala kumipando yakumbuyo ndi foni m'manja, akudziwa chimene chimatuluka: kamunthu kakang'ono kosaoneka nkhope, ndipo ukati uchikuze chithunzicho chimangosanduka phala. N'chifukwa chake kamera yaing'ono yolowa m'thumba, ija yongolozetsa n'kudina, idakali ndi ntchito ngakhale lero pamene pafupifupi nyumba iliyonse mu Lusaka ili ndi foni yojambula. Komabe si kamera yaing'ono iliyonse imene imaposa foni, ndipo zimandipweteka ndikaona munthu atapereka ndalama zimene wakhala akusunga kwa miyezi ingapo pogula kamera yotulutsa zithunzi zofanana ndi za foni imene ali nayo kale. Njira zili m'munsimu ndazisanja motsatira mmene muyenera kuganizira musanatulutse ngwee ndi imodzi yomwe.

Yambani ndi zithunzi zimene zinakukhumudwitsani

Musanapite kusitolo iliyonse, tsegulani zithunzi za m'foni yanu ndipo muyang'ane zimene sizinatuluke bwino. Mudzapeza kuti zambiri zinaonongeka pa chimodzi mwa zifukwa ziwiri: mwina malowo anali amdima, monga m'tchalitchi, paphwando la ukwati la madzulo, kapena m'nyumba magetsi atazima, kapena chimene munkajambulacho chinali patali, monga mpira wa ana kusukulu kapena mbidzi ku Lusaka National Park. Yankho limeneli ndilo likuuzeni mtundu wa kamera yofunika, pakuti kamera yaing'ono yochita bwino mumdima nthawi zambiri sikoka zinthu zakutali kwambiri, ndipo yokoka zakutali kwambiri imafooka dzuwa likalowa. Ineyo ndimaona kuti mabanja ambiri vuto lawo ndi mdima, chifukwa zochitika zathu zikuluzikulu zimachitikira m'nyumba, m'matenti ndi m'maholo.

Kenako funsani kukula kwa sensa

Sensa ndi kachipangizo kamene kali kuseri kwa lenzi (galasi la kutsogolo kwa kamera), kamene kamalandira kuwala n'kukusandutsa chithunzi. Mungakayerekezere ndi chiwiya chotungira madzi a mvula: beseni lotambalala limatunga madzi ochuluka kuposa kapu, ngakhale zonse zitakhala pamvula nthawi yofanana. Makamera ang'onoang'ono ambiri otsika mtengo ali ndi sensa yolembedwa kuti 1/2.3, imene kukula kwake ndi mamilimita pafupifupi 6.2 m'litali ndi 4.6 m'lifupi. Ena ali ndi yolembedwa kuti 1-inch, ya mamilimita 13.2 ndi 8.8, imene malo ake olandirira kuwala ndi aakulu pafupifupi kanayi. Kusiyana kumeneku simungakuone masana pa Cairo Road dzuwa likuswa mtengo, koma kumaoneka poyera m'chipinda chounikidwa ndi babu limodzi, mmene sensa yaing'ono imadzaza nkhope za anthu ndi timadontho tooneka ngati mchenga.

Makamera odziwika a sensa ya 1-inch ndi a mtundu wa Sony RX100, umene unayamba kutuluka mu 2012, ndi Canon PowerShot G7 X, imene Mark II yake inatuluka mu 2016 ndipo Mark III mu 2019. Alipo ena a sensa yokulirapo kuposa pamenepa, monga Ricoh GR III ndi Fujifilm X100VI, koma ndi okwera mtengo kwambiri ndipo alibe zoom, imene ndi njira yokokera zinthu zakutali kuti zioneke pafupi, motero sindingalangize munthu wofuna kungojambula banja lake kuti ayambire pamenepo. Ngati foni yanu ndi yaposachedwapa ndipo kamera imene akukutsatsani ili ndi sensa ya 1/2.3 ndi zoom yochepa ya 4x kapena 5x, dziwani kuti mumdima foniyo ikhoza kuiposa, popeza mafoni amakono amajambula zithunzi zingapo nthawi imodzi n'kuziphatikiza kukhala chimodzi chowala bwino.

Werengani manambala olembedwa mozungulira lenzi

Kutsogolo kwa kamera iliyonse kuli manambala amene ogula ambiri sawayang'ana, monga 1:1.8-2.8 kapena 1:3.3-6.4. Amenewa akusonyeza kukula kwa bowo lolowera kuwala, ndipo nambala ikachepa ndiye kuti bowolo ndi lalikulu. Nambala yoyamba ndi ya pamene simunakoke chinthu, yachiwiri ndi ya pamene mwakoka mpaka pamapeto. Lenzi ya 1.8 imalowetsa kuwala koposa katatu poyerekeza ndi ya 3.3, zimene zikutanthauza kuti kamera imatha kujambula mofulumira, mwana wothamangathamanga asanasunthe n'kuoneka ngati chithunzithunzi. RX100 III ya mu 2014 ndi G7 X zonse zili ndi 1.8-2.8, ndipo ichi ndicho chifukwa chachikulu chimene anthu amazifunirabe ngakhale zakalamba.

Za zoom, imene ili ndi phindu ndi yolembedwa kuti optical, imene imakoka chinthu posuntha magalasi a m'kati mwa lenzi. Ya digital imangodula chithunzi n'kuchikuza monga mmene foni imachitira, choncho nambala yake, ngakhale ikhale yaikulu motani pabokosi, musaiwerengere. Ngati ndinu munthu amene chaka ndi chaka mumakwera basi ku Intercity kupita ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete kumapeto kwa Ogasiti, kapena ku Nc'wala ku Mtenguleni mu Febuluwale, kumene khamu la anthu silikulolani kufika pafupi ndi bwalo, kamera ya zoom yaitali ndiyo yanu. Panasonic Lumix TZ99 imakoka mpaka 30x ndipo Canon PowerShot SX740 HS imafika 40x. Zonsezi zili ndi sensa yaing'ono ija, koma miyambo imeneyi imachitika masana, kuwala kulipo kokwanira. Pamenepa onetsetsani kuti kamerayo ili ndi chothandizira kuti chithunzi chisagwedezeke, chimene Canon amalemba kuti IS, Panasonic O.I.S., Sony SteadyShot, ndipo Nikon VR, pakuti ukakoka chinthu cha patali kunjenjemera pang'ono kwa dzanja kumaonekera kwambiri. Ndikumbutsenso kuti pamiyambo yotere pali zina zosaloledwa kujambula, ndipo ndi ulemu kuyamba mwafunsa akuluakulu a pamalopo.

Ma megapixel, nambala yosonyeza kuchuluka kwa timadontho topanga chithunzi, asakutayitseni nthawi. Chithunzi chosindikiza pa pepala la masentimita 10 ndi 15 chimafuna ma megapixel awiri okha kuti chioneke bwino, ndipo cha pepala la A4 chimafuna osapitirira 9. Kamera iliyonse ya 12 kapena kuposerapo ndi yokwanira.

Onani ngati mungathe kuiuza kamera kuti iwalitse nkhope

Apa pali nkhani imene mabuku a malangizo a makamera saikamba mokwanira, koma kwa ife ndi yaikulu. Kamera ikamadzisankhira yokha kuwala, imayesa chithunzi chonse, ndipo ikaona zoyera zambiri, monga diresi la mkwatibwi, malaya a kwaya kapena khoma lowombedwa ndi dzuwa, imachepetsa kuwala. Zotsatira zake n'zakuti chovalacho chimaoneka bwino koma nkhope ya munthu wakhungu lakuda imabisika, maso okha ndi mano n'kumaoneka. Mankhwala ake ndi batani lokhala ndi chizindikiro cha +/-, limene limakulolani kuwonjezera kuwala. Mukaika pa +0.7 kapena +1, nkhopeyo imatuluka. Sankhani kamera imene batanili lili kunja, pofikira chala, osati lobisika m'kati mwa ndandanda ya pa sikirini, chifukwa mkwati ndi mkwatibwi sadzaima kukudikirani pamene mukulifunafuna. Yesaninso ngati fulashi mungathe kuiyatsa mwadala masana: munthu akaima pansi pa mtengo wa mango dzuwa lili kumbuyo kwake, fulashi ndiyo imachotsa mthunzi pankhope, bola asatalikire kupitirira mamita atatu.

Ganizirani za batire ndi khadi

Makamera ang'onoang'ono ambiri amajambula zithunzi pakati pa 200 ndi 300 batire lisanathe, ndipo kanema amalimaliza msanga. Tonse tikukumbukira mmene magetsi ankazimira kwa maola ochuluka mu 2024 madzi atachepa ku Kariba chifukwa cha chilala, motero kamera yotchajidwa ndi chingwe cha USB, imene mungailumikize ku power bank kapena ku kasola ka panyumba, ndi yabwino kuposa yodalira tchaja yakeyake ya pakhoma. Makamera a mabatire wamba a AA, monga Kodak Pixpro FZ45, ali ndi ubwino wakuti mabatirewo mungawapeze ngakhale pakantemba kumudzi. Ngati mukugula kamera yakale, onani nambala yolembedwa pabatire lake ndipo mufufuze ngati latsopano likupezeka, chifukwa kamera yopanda batire ndi chokongoletsera pashelefu basi.

Khadi losungira zithunzi likhale la SD. Makamera akale a Sony ankagwiritsa ntchito Memory Stick, ndipo a Olympus ndi Fujifilm ankagwiritsa ntchito xD, makadi amene lero ndi ovuta kuwapeza. Makamera ena akale kwambiri amawerenga makadi a SD osapitirira 2GB, ena amalekera pa 32GB ya makadi olembedwa kuti SDHC, motero khadi lalikulu kuposa pamenepo, lolembedwa kuti SDXC, akhoza kulikana. Kamera ya Wi-Fi imatumiza zithunzi ku foni mosavuta, koma ngati ilibe, kachipangizo kowerengera khadi kolowetsa m'foni kamachita ntchito yomweyo. Potumiza pa WhatsApp chithunzi chimene wina akufuna kukasindikiza, chitumizeni ngati document kuti chisachepetsedwe.

Musaiwale fumbi

Kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula yoyamba ya mu Novembala, mphepo ya mu Lusaka imanyamula fumbi, makamaka m'makomboni a misewu yadothi. Lenzi yotuluka ndi kubwerera m'kati imakoka fumbilo, ndipo kamchenga kamodzi kakalowa m'magiya, lenzi imakanirira pakati. Gulani kachikwama kotseka ndi zipi tsiku lomwelo. Ngati kamerayo izigwiridwa ndi ana, kapena muzipita nayo kumunda ndi ku Siavonga, ganizirani za Olympus Tough TG-6 kapena OM System TG-7, zimene lenzi yake situluka kunja, zimalowa m'madzi mpaka mamita 15 ndipo zinapangidwa kuti zipirire kugwa kuchokera pa mamita awiri.

Iyeseni m'manja musanalipire

Makampani ambiri anachepetsa kwambiri kupanga makamera otere mafoni atafala, choncho atsopano ndi ochepa m'masitolo a ku Manda Hill, East Park kapena Levy Junction, ndipo ambiri amene mungawapeze ndi ogwiritsidwapo kale ntchito, kwa ogulitsa zipangizo zamagetsi m'tauni kapena pa Facebook Marketplace. Achinyamata ayambanso kukonda makamera akale, zimene zakweza mitengo yake, motero yang'anani pa intaneti chaka chimene mtunduwo unatuluka kuti mudziwe chimene mukulipirira. Musatumize ndalama pafoni musanaione kamerayo. Kumanani ndi wogulitsa masana pamalo a anthu ambiri, mutatenga khadi lanu la SD, ndipo mumuuze poyera kuti mukufuna mphindi khumi zoiyesa. Wogulitsa wachilungamo sakana zimenezi.

Iyatseni ndi kuizimitsa kasanu mukumvetsera: lenzi izituluka ndi kubwerera mosalala, popanda kukhuluza kapena kuima panjira, ndipo pa sikirini pasatuluke uthenga wa lens error. Kokani zoom mpaka pamapeto n'kuibweza. Unikani m'kati mwa lenzi ndi tochi ya foni. Mukaona timizere toyera tokhala ngati ukonde wa kangaude, imeneyo ndi nkhungu yomera chifukwa cha chinyezi, ndipo kuichotsa kumafuna kumasula lenzi yonse. Kenako kokani zoom, lozetsani kumwamba kopanda mitambo kapena papepala loyera, jambulani, ndipo mukuze chithunzicho pa sikirini. Madontho akuda okhala pamalo amodzimodzi pazithunzi zonse ndi fumbi la pa sensa, limene pa kamera yotere simungalipukute nokha popeza lenzi yake sichoka. Tsegulani kachitseko ka batire muone ngati muli dzimbiri kapena zobiriwira, ndiponso ngati batirelo latupa, pakuti lotupa ndi loopsa ndipo siliyenera kutchajidwanso. Dinani batani lililonse, yatsani fulashi, jambulani kanema wamfupi mukulankhula kuti mumve ngati mawu akulowa.

Chomaliza pa kuyesaku ndicho chofunika koposa zonse: lowani m'kati mwa sitolo pamene kuwala kuli kochepa, jambulani nkhope ya mnzanu amene mwapita naye ndi kamerayo, kenako mumujambule ndi foni yanu ali pomwepo, ndipo muyerekeze ziwirizo mutakuza pa maso ake. Chitaninso chimodzimodzi ndi chikwangwani cha tsidya lina la msewu. Ngati kamerayo sikuposa foni pa chilichonse mwa ziwirizi, ibwezeni mwaulemu.

Mukakhutira, pemphani lisiti lolembedwa mtundu wa kamera, nambala yake imene ili kunsi pafupi ndi chitseko cha batire, tsiku ndi mtengo, ndipo mugwirizane masiku amene mungaibweze ikapezeka ndi vuto. Lisitilo ndi umboni wanu mukafuna kukadandaula ku Competition and Consumer Protection Commission, bungwe la boma loteteza ogula, komanso limakutetezani ngati zitadziwika kuti katunduyo anabedwa, popeza kulandira katundu wakuba ukudziwa ndi mlandu m'malamulo a Zambia. Amene mukuitanitsa kunja muwerengeretu ndalama zotumizira ndi msonkho wa ZRA, bungwe la boma lotolera misonkho, ndipo muone ngati tchaja yake ikugwirizana ndi magetsi athu a mavolti 230 ndi soketi ya mabowo atatu. Mukafika nayo kunyumba, konzani tsiku ndi nthawi m'kamera, tchajani batire mpaka lidzaze, ndipo mujambule nayo usiku womwewo ndi masiku awiri otsatira, masiku oibwezera asanathe.