Momwe mungayesere zida zozindikirira mankhwala ozunguza bongo musanazikhulupirire

Apolisi ndi ogwira ntchito m'zipata za dziko, monga pa Mwanza, pa Songwe kapena pabwalo la ndege la Kamuzu, amafunika kudziwa msanga ngati ufa womwe awupeza m'chikwama ndi mankhwala ozunguza bongo. Zida zofala pa ntchitoyi ndi timapaketi ta madzi amene amasintha mtundu: a Marquis amasanduka a pepo (purple) akakhudza heroin, a Scott amasanduka a buluu akakhudza cocaine, pomwe a Duquenois-Levine ndi oyesera chamba. Timapaketiti timalakwitsa, choncho tiyambe tayesedwa.

Choyamba, onani tsiku lothera ntchito ndipo mufunse komwe zidazo zakhala zikusungidwa, chifukwa paketi yomwe yakhala m'galimoto padzuwa la mwezi wa Okutobala siyingadaliridwe. Kenako, mutavala magolovesi, yesani kachidutswa ka mankhwala enieni komwe labotale yatsimikizira kale, n'kuona ngati mtundu ukutuluka monga alembera opanga, komanso m'nthawi yomwe anena.

Gawo lomwe ine ndimaliona kuti ndi lofunika koposa ndi lachitatu, loyesa zinthu zosalakwa zomwe anthu amayenda nazo tsiku ndi tsiku. Tengani ufa woyera, kondowole, soda, shuga, mkaka waufa ndi panado wopera, chilichonse pa paketi yakeyake. Mu 2015, mumzinda wa Orlando ku America, munthu wina adamangidwa chida chotere chitasonyeza kuti nyenyeswa za shuga wa pa donasi ndi mankhwala ozunguza bongo a methamphetamine, ndipo labotale ndiyo idadzamuyeretsa. Madzi a Scott nawonso amadziwika kuti amatha kusintha mtundu akakhudza lidocaine, mankhwala ochititsa dzanzi a kuchipatala.

Mukatero, ikani zoyesazo m'timabotolo ta manambala okhaokha, ndipo anthu angapo ayese payekhapayekha osadziwa zomwe zili mkati, ena masana, ena usiku ndi tochi, pakuti diso limanyengeka ndi kuwala. Lembani kangati chidacho chanamizira chinthu chosalakwa ndiponso kangati chaphonya mankhwala enieni.

Pa chamba samalani kwambiri. Kuyambira 2020 lamulo la Malawi limalola omwe ali ndi chiphaso kulima chamba cha mafakitale ndi cha mankhwala, koma madzi a Duquenois-Levine sayeza kuchuluka kwa THC, chinthu cha m'chamba chomwe chimazunguza bongo, kotero sangasiyanitse mbewu zimenezi ndi chamba chosuta. Chilichonse chomwe chida chakayikira chimatidwe bwino n'kutumizidwa ku labotale ya makina a GC-MS, omwe amazindikira bwinobwino mankhwala omwe ali m'chinthu, ndipo zotsatira zakezo ndizo zipite kukhoti.