Mmene ndinakonzera kolamu ya GC yomwe inkakweza mzere

Kolamu yathu yatsopano ya mamita 30, kachubu kowonda kolekanitsa mankhwala m'makina oyezera a GC (gas chromatography), inandisowetsa tulo sabata yathunthu mu labu kuno ku Mzuzu. Uvuni wotenthetsa kolamu ukangodutsa madigiri 250, mzere wa zotsatira pakompyuta, womwe umayenera kukhala wogona, unkangokwera, zizindikiro za mankhwala ophera tizilombo m'khofi osaonekanso. Mtima unandiwawa, poti kolamu njodula ndipo imachokera kunja.

Vuto linali ferrule (kamphete kotseka mpata polumikizira kolamu) yosamangika bwino, okosijeni ankalowera pamenepo. Kolamu ikatentha, okosijeniyo amadya zopakidwa m'kati zomwe zimalekanitsa mankhwala. Ndinadula theka la mita kumayambiriro, n'kuunika podulapo ndi galasi lokulitsa: posalala, popanda tizidutswa. Nditaika ferrule ina, ndinasiya helium, mpweya wonyamula mankhwala m'kolamu, adutse mphindi 30 uvuni uli wozizira, kenako n'kutenthetsa pang'onopang'ono maola awiri, kolamu isanalumikizidwe ku detector, kachipangizo kozindikira mankhwala otuluka m'kolamu.

M'mawa mwake mzere unagona phee.