Mukaterereka n'kugwa m'sitolo: zoyenera kuchita, ndi mmene mungadziwire ngati mufune chipukuta misozi

Munthu wamkulu akagwa pamaso pa anthu, manyazi amafika msanga kuposa ululu. Amadzuka mofulumira, n'kusasa zovala, n'kuuza aliyense kuti ali bwinobwino, kenako n'kutuluka m'sitolomo osacheuka. Kukacha dzanja latupa, bondo likukana kupindika, ndipo pamene anagwera paja anakolopapo kalekale. Akabwerera kukadandaula, palibe amene akumukumbukira.

Kuganiza ngati mufune chipukuta misozi kapena ayi mungachite mofatsa, patapita milungu ngakhale miyezi. Umboni ndiwo sudikira, umatha m'mphindi zochepa. Choncho langizo langa ndi lakuti sonkhanitsani umboni ngati munthu amene adzapita kukhoti, zosankhazo mukachitire kunyumba mtima uli m'malo. Kugwa musakupeputse. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati kugwa kumapha anthu pafupifupi 684,000 chaka chilichonse, ndipo pa ngozi zopha anthu kumangoposedwa ndi zapamsewu zokha. Amene amafa kwambiri ndi opitirira zaka 60.

1. Musathamangire kudzuka

Khalani kaye pompo, mupume, mulimve thupi lanu. Gwedezani zala za m'manja ndi za kumapazi. Ngati mwamenyetsa mutu, ngati khosi kapena msana ukupweteka kwambiri, kapena mwendo ukukana kuponda, musalole anthu achifundo akunyamuleni mwachisawawa. Pemphani aitane achipatala. Ngati wagwayo ndi wokalamba, chenjerani kwambiri, chifukwa fupa la m'chiuno limathyoka mosavuta ndipo kumuimiritsa mokakamiza kumawonjezera vuto.

2. Pezani chimene chakugwetsani, muchijambule

Apa ndi pamene nkhani zambiri zimapambanira kapena kufera. Tulutsani foni, kapena pemphani amene muli naye, ajambule pansipo wokolopa asanafike. Jambulani pafupi kuti chotayikacho chioneke bwino: madzi, mafuta, sopo, chipatso chopondedwa, tailosi yosweka, kapeti yopindika, waya wodutsa panjira. Kenako bwererani m'mbuyo mujambule kanjira konse, kuti zioneke ngati panali chikwangwani chochenjeza kuti pansi m'ponyowa kapena panalibe.

Yang'anitsitsani tinthu tina tomwe ambiri satiganizira. Kodi m'madzimo muli mapazi a anthu ena kapena mizere ya mateyala a ngolo zogulira? Kodi m'mbali mwake mwayamba kuuma kapena kuda? Kodi madziwo akuchokera pansi pa firiji yodontha, kapena kudenga? Zizindikiro zimenezi zimanena kuti chinthucho chakhalapo nthawi yaitali, ndipo muona m'munsimu kuti nthawi ndiyo mtima wa mlandu wonse.

Nsapato zimene munavala zisungeni, mujambulenso kunsi kwake, chifukwa eni sitolo adzanena kuti zinali zotha kapena zoterera. Chovala chimene chathimbirira musachichape msanga. Lisiti la zimene mwagula lisatayike: limasonyeza tsiku, ola ndi sitolo.

3. Tengani mboni, muuze woyang'anira sitolo

Amene akuonani mukugwa akupita kwawo posachedwa ndipo simudzawapezanso. Pemphani dzina ndi nambala ya foni kwa awiri kapena atatu. Mboni yabwino koposa ndi imene inaona chotayikacho inu musanafike.

Kenako itanitsani manijala, mumuuze zimene zachitika, mupemphe kuti zilembedwe m'buku la ngozi kapena papepala la sitoloyo. Werengani zolembedwazo musanasaine, mukonzetse zolakwika, mujambule tsambalo. Nenani zoona zokhazokha: malo, nthawi, chimene munaponda, pamene pakupweteka. Ulemu umatichititsa kunena mawu ngati akuti "pepani, ndine ndemwe sindinayang'ane," kapena "palibe kanthu, sindinavulale." Mawu amenewa amalowa m'buku ndipo amadzakutsatani. Simunadziwe bwino chimene chachitika, ndiye musadziweruze nokha.

Tcherani khutu ku zimene antchito akulankhulana. Wina akanena kuti anawauza kale mabwana za firijiyo, lembani mawuwo ndi nthawi yake. Koma musakalipire wokolopa kapena wapatilu. Kawirikawiri vuto limakhala la kayendetsedwe ka sitolo, anthu ochepa pantchito yambiri, ndipo mlandu wanu suli ndi iwowo.

Akakupatsani katundu waulere kapena kandalama kuti musaine pepala lakuti nkhani yatha, kanani mwaulemu. Tsiku limenelo simukudziwa kukula kwa kuvulala kwanu.

4. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo

Pitani ngakhale mukumva ngati zili bwino. Munthu akamagwa amatsogoza dzanja, ndipo pamfundo ya dzanja, cha kuchala chachikulu, pali kafupa kotchedwa scaphoid komwe kakathyoka nthawi zina sikaoneka pa X-ray yoyamba. Madokotala amatha kumanga dzanjalo n'kudzajambulanso patatha masiku 10 mpaka 14. Kakalekereredwa kamavuta kulumikizana. Mutunso ndi chimodzimodzi: magazi amatha kutuluka pang'onopang'ono mkati mwa chigaza, zizindikiro n'kudzaoneka patapita masiku kapena milungu, makamaka kwa okalamba ndi amene amamwa mankhwala oletsa magazi kuundana monga warfarin. Mutu wopweteka mosalekeza, kusanza, kusokonezeka maganizo, tulo tachilendo kapena kufooka mbali imodzi ya thupi ndi zifukwa zothamangiranso kuchipatala nthawi yomweyo.

Muuzeni dokotala momveka kuti munagwa m'sitolo, tsiku lakuti, kuti alembe. Mukachedwa milungu iwiri, a inshulansi ya sitoloyo adzafunsa ngati simunavulalire kwina. Sungani mapepala onse ndi malisiti a mankhwala ndi a mayendedwe, ndipo muzilemba m'kabuku masiku amene mwajomba kuntchito ndi ntchito zimene mukulephera kugwira.

5. Lembani kalata yoti asafufute zojambulidwa ndi makamera

Masitolo ambiri ali ndi makamera, koma makinawo amafufuta zakale okha kuti alembepo zatsopano, ena patatha mwezi, ena masiku ochepa chabe. M'masiku awiri kapena atatu oyamba perekani kalata yachidule yonena tsiku, nthawi ndi malo amene munagwera, yopempha kuti asunge zojambulidwa kuyambira ola limodzi kapena awiri musanagwe. Mphindi yogwayo payokha imangotsimikiza kuti munagwa. Ola la m'mbuyo ndi limene limasonyeza nthawi imene chinthucho chinatayika ndi antchito angati anadutsapo osachitapo kanthu. M'kalata yomweyo pemphani asungenso kaundula wa okolopa wa tsikulo, wosonyeza nthawi zimene anayendera ndi kukolopa. Asaine pa kope yanu kuti alandira.

6. Tsopano dzifunseni: kodi sitolo inalakwa?

Kugwera m'sitolo pakokha sikukupatsani ufulu wolandira ndalama. M'maiko ambiri lamulo limafuna kuti mwini malo asamalire alendo ake moyenera, osati kuti ngozi isachitike n'komwe. Ku England mfundoyi ili m'lamulo la Occupiers' Liability Act la 1957, ndipo maiko ambiri ali ndi yofanana nayo. Muyenera kusonyeza kuti panali choopsa, kuti eni sitolo anachidziwa kapena akadachidziwa akadakhala osamala, kuti sanachitepo kanthu, ndipo kuti n'chimene chinakuvulazani.

Tiyerekeze kuti mwana wagwetsa botolo la mkaka, inu n'kupondapo nthawi yomweyo. Sitolo yosamala chotani sikadatha kukolopa m'kanthawi kameneko, ndipo mlandu wotere ndi wofooka. Koma mkaka womwewo ukakhala pansi theka la ola antchito akuulambalala, nkhani yasintha.

Nanga ngati simukudziwa kuti unakhalapo nthawi yaitali bwanji? Makhoti ena anathandizapo ogula pamenepa. Pa mlandu wa Ward ndi Tesco mu 1976, mayi anaterereka pa yogati yotayika m'sitolo ya Tesco ku Liverpool ndipo sakadatha kunena nthawi imene inatayika. Khoti la apilo linagamula kuti yogati siyenera kupezeka pansi m'sitolo yosamalidwa bwino, choncho udindo unali wa sitoloyo kusonyeza kuti ngoziyo sinachitike chifukwa cha kusasamala kwake. Inalephera, mayiyo anapambana. Ku Australia mu 2012, pa mlandu wa Strong ndi Woolworths, mayi woyendera ndodo anagwa pamalo amene kampani ya masitolo ya Woolworths inkayang'anira, ndodo yake itaponda kachidutswa ka mbatatesi yokazinga. Khoti lalikulu kwambiri m'dzikomo linamukomera, chifukwa pamalopo panalibe dongosolo loyendera ndi kusesa pafupipafupi, ndipo likadakhalapo mwina chidutswacho chikadachotsedwa. N'chifukwa chake kaundula wa okolopa uja ali wofunika.

Dziweruzeninso moona mtima. Ngati panali chikwangwani choonekera inu n'kudutsa pomwepo, ngati munkathamanga, munkayang'ana pafoni kapena munali mutamwa, mbali ina ya vutolo ndi yanu. M'maiko ambiri izi sizithetsa mlandu koma zimachepetsa ndalama: khoti likapeza kuti gawo limodzi mwa magawo anayi a vutolo ndi lanu, chipukuta misozi chimachepa ndi gawo lomwelo. Koma m'zigawo zina za America, monga Virginia ndi North Carolina, kulakwa kwanu ngakhale pang'ono kukhoza kukumanitsani zonse.

Woyankha mlandu nthawi zina sakhala sitolo imene munkagulamo. Mukagwera pakhonde la nyumba ya masitolo ambiri, akhoza kukhala mwini nyumbayo kapena kampani yokolopa imene anailemba ntchito. Ndipo ngati ndinu wantchito wa m'sitolomo, njira yanu ndi ina, ya malamulo a ovulala pantchito.

7. Yezani kukula kwa zimene mwataya

Chipukuta misozi chimabweza ndalama za kuchipatala, malipiro amene mwataya, chithandizo chimene mudzafune m'tsogolo, ndi ndalama ya ululu ndi kusokonekera kwa moyo wanu. Ngati munangosupuka pachigongono n'kuchira m'masiku atatu, ine ndinganene kuti lembani kalata yodandaula kuti akonze vutolo wina asadzagwenso, mupemphe akubwezereni zimene mwawononga, n'kusiyira pomwepo. Mlandu umadya nthawi ndi mtendere wa mumtima, ndipo m'maiko ambiri woluza amalipirako ndalama zimene mnzake wawononga pamlandupo.

Koma ngati mwathyoka fupa, mwachitidwa opaleshoni, mwakhala miyezi osagwira ntchito kapena mwalumala, ndipo umboni wa kusasamala ulipo, musachite manyazi kufuna chipukuta misozi. Sikupempha, ndipo si dyera. Masitolo ambiri aakulu amalipira inshulansi pokonzekera zoterezi, ndipo mukangokhala chete, mtolo wonse wa kusasamala kwa ena umagwera banja lanu.

8. Musadutsitse nthawi, ndipo musasaine msanga

Lamulo limaika malire a nthawi yokasumira. Ku England ndi ku South Africa ndi zaka zitatu, ku Ireland ndi ku California zaka ziwiri, ku Tennessee chaka chimodzi chokha. Nthawiyo ikadutsa, ngakhale umboni wanu ukhale wolimba chotani, khoti likhoza kukana kumva nkhaniyo. Fufuzani malire a kumene munagwera m'milungu yoyambirira.

Mukapita kwa loya, tengani zonse zimene mwasonkhanitsa, ndipo mafunso a ndalama mufunse tsiku loyamba. Kodi amalipiritsa pa ola, kapena amatenga gawo la zimene mwapambana? Gawo lanji? Mukaluza mudzalipira chiyani? Zimene mwagwirizana zilembedwe. Amene alibe ndalama afunse ku mabungwe opereka thandizo la zamalamulo kwaulere.

Milandu yambiri yotere imathera pa kukambirana ndi kampani ya inshulansi, osafika pamaso pa woweruza. Wa inshulansi akakuimbirani, kumbukirani kuti akugwirira ntchito kampani yake. Muyankheni mwaulemu ndi moona, osakuza ululu wanu komanso osauchepetsa, ndipo zambiri zipite polemba. Samalaninso zimene mukuika pa Facebook m'nyengo imeneyi, chifukwa amaziona. Ndalama imene amayamba kutchula kawirikawiri imakhala yotsika, ndipo imabwera ndi pepala lotseka nkhani yonse mpaka kalekale. Mukalisaina, bondo n'kudzafuna opaleshoni chaka chamawa, simungabwererenso. Dikirani mpaka dokotala anene pamene kuchira kwanu kudzafike ndi chithandizo chimene chatsala, muwerengere zonsezo pamodzi, kenako muyankhe.