Mmene mungapezere ngongole ya nyumba ngakhale mbiri yanu ya ngongole inadetsedwa

Kuno ku Dedza anthu ambiri akakanizidwa ngongole yogulira kapena kumangira nyumba amabwerera kwawo akudandaula kuti malipiro awo ndi ochepa, chonsecho chimene chawagwetsa ndi kangongole kakale kamene anasiya kubweza. Lamulo la Credit Reference Bureau la 2010 linatsegula njira yoti mabanki ndi mabungwe ena obwereketsa ndalama azitumiza mbiri ya makasitomala awo ku makampani monga Credit Data CRB ndi TransUnion, ndipo banki imayamba yafufuza kumeneko isanayankhe pempho lanu.

Choncho musathamangire ku banki. Tengani chiphaso chanu cha unzika, mupemphe lipoti la mbiri yanu ku makampaniwa, ndipo muliwerenge modekha mzere uliwonse. Zimachitika kuti ngongole munamaliza kubweza koma m'mabuku ikuonekabe, kapenanso kuntchito ankakudulani mwezi ndi mwezi koma ndalamazo zinkafika mochedwa kwa mwini ngongole. Zikatero lembani kalata yodandaula, muphatikizepo malisiti ndi mapepala a malipiro, ndipo ngati sakukuthandizani kadandauleni ku Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira mabungwe onsewa.

Ngati ngongoleyo ndi yoona, pitani nokha kwa amene anakubwerekani mukagwirizane kabwezedwe kake, ndipo tsiku lomaliza kulipira musachoke opanda kalata yotsimikizira kuti mwamaliza. Chimene ndikuchondererani ndi chakuti musakatenge katapila kuti mutsekere ngongole ya ku banki, pakuti wakatapila akakulandani khadi la ATM, malipiro anu azituluka onse tsiku lomwe alowa, ndipo woona za ngongole ku banki adzazindikira zimenezi akangoyang'ana sitetimenti yanu.

Kenako pamafunika kupirira kwa miyezi ingapo, mwinanso chaka, kuti mumange mbiri yatsopano. Wamalonda a mbatata ya kachewere ku Bembeke kapena pa Lizulu angathe kugulitsa matumba makumi asanu pa sabata, koma ngati ndalamazo zimangochoka m'chikwama n'kupita ku feteleza osadutsa mu akaunti, banki imamuona ngati munthu wopanda chopeza. Sungitsani zonse zimene mwagulitsa, ngakhale mukazitapanso mawa lake. Banki mkhonde ndi yothandiza ndithu, koma kope la gulu silifika pa tebulo la banki. Kangongole kochepa ka ku SACCO (bungwe limene mamembala amasungitsako ndi kubwerekako ndalama), kobwezedwa pa nthawi yake, kali ndi mapepala amene mungaonetse.

Nkhani ya malo ndiyo imavuta kwambiri kwathu kuno. Ngongole ya nyumba imafuna chikole, ndipo chikolecho ndi malo okhala ndi chikalata cha umwini, chimene ambiri amachitcha title deed. Kalata ya amfumu, ngakhale ikhale ndi chidindo, siikwanira. M'midzi yambiri ya ku Dedza ndi ku Ntcheu malo ndi a mbumba, ndipo bambo amene ali pa chikamwini sangawapereke chikole ngati kuti ndi akeake. Lamulo la malo a makolo la 2016 linapereka mwayi wolembetsa malo otere, koma musanapite ku ofesi ya zamalo ku boma, khalani pansi ndi mwini mbumba pamodzi ndi alongo onse, aliyense amve bwinobwino kuti ngongole ikakanika banki ili ndi mphamvu yogulitsa malowo. Ine ndimaona kuti n'kwabwino kugula puloti yakeyake pa tauni kusiyana ndi kuika pa chiswe malo amene agogo anasiyira mtundu wonse.

Pokapempha ngongoleyo, kaya ndi ku NBS Bank, imene inayamba ngati New Building Society, kaya ku National Bank, Standard Bank kapena FDH, fotokozani nokha za vuto lakale asanalipeze, muonetse kalata ija yotsimikizira kuti munamaliza kubweza ngongoleyo. Konzani ndalama yanu yoyambira yochulukirapo, chifukwa banki siipereka mtengo wonse wa nyumba, ndipo pali zolipira zina monga woyesa mtengo wa nyumbayo, loya ndi inshulansi. Werengeraninso chiwongoladzanja mosadzinamiza. Tiyerekeze kuti mwabwereka K20 miliyoni pa 30 peresenti: chiwongoladzanja chokha m'miyezi yoyambirira chikhala pafupifupi K500,000 pa mwezi, ndipo chikhoza kukwera Reserve Bank ikasintha mlingo wake. Ngati ndalama imeneyi ikuposa zimene banja lingapirire, umbani njerwa ndi kukweza zipupa ndi ndalama zanu, kenako mubwereke yochepa yogulira malata ndi simenti yomalizira.