Malangizo kwa Ofuna Kuona Zikalata za Boma m'Zigawo za ku United States

Munthu amene akufuna kuona chikalata cha boma ku United States, kaya ndi mtolankhani, wophunzira amene akuchita kafukufuku, kapena munthu wamba amene wavutika ndi nyumba imene akuchita lendi, ayenera kuyamba wadziwa kuti dzikolo lilibe lamulo limodzi loyendetsa zikalata zonse. Anthu ambiri anamva za lamulo lotchuka la Freedom of Information Act, limene Pulezidenti Lyndon Johnson anasainira mu 1966, ndipo amaganiza kuti akangolitchula, ofesi iliyonse iwatsegulira mafailo. Zoona zake n'zakuti lamuloli limagwira ntchito pa nthambi za boma lalikulu la ku Washington zokha. Zikalata za apolisi a mumzinda, za sukulu za boma, za misewu ndi za makhonsolo zimayendera malamulo a zigawo 50 za dzikolo, ndipo chigawo chilichonse chili ndi lamulo lakelake, masiku akeake ndi mitengo yakeyake. Ku California lamuloli limatchedwa Public Records Act ndipo linakhazikitsidwa mu 1968, ku Texas ndi Public Information Act, ku New York ndi Freedom of Information Law, pamene ku Pennsylvania ndi Right-to-Know Law. Choncho musanalembe kalata iliyonse, fufuzani ofesi imene ikusunga chikalatacho ndi chigawo chimene ofesiyo ili, kenaka werengani lamulo la chigawo chimenecho.

Kwa amene muli kunja kwa chigawocho, kapena kunja kwa dziko la America lenilenilo, pali mfundo imene muyenera kuiona msanga. Zigawo zambiri zimalola munthu aliyense kupempha, koma zina, monga Virginia, Tennessee ndi Arkansas, zimapereka ufuluwu kwa nzika za chigawocho. Nkhaniyi inafika mpaka ku khoti lalikulu la dzikolo, ndipo pa mlandu wa McBurney v. Young mu 2013 khotilo linagamula kuti chigawo cha Virginia sichilakwa pochita zimenezi. Ngati mwakumana ndi lamulo lotere, pemphani munthu amene ndi nzika ya kumeneko kuti atumize pempho m'dzina lake. Ku Florida zinthu n'zomasuka kwambiri: ufulu woona zikalata unalowetsedwa m'malamulo aakulu a chigawocho mu 1992, ndipo wopempha sakakamizidwa kutchula dzina lake, kufotokoza chifukwa chake, ngakhale kulemba kalata. Komabe ine ndimalangiza kuti ngakhale kumeneko muzilemba, pakuti pempho la pakamwa lilibe umboni pa tsiku limene mkangano wabuka.

Pamene anthu ambiri amalakwitsa ndi pa kalembedwe ka pempholo, ndipo apa ndi pofunika kufatsirira. Malamulowa amakakamiza ofesi kupereka zikalata zimene zilipo kale. Sakakamiza kalaliki kuyankha mafunso, kufotokoza zifukwa, kapena kukulemberani lipoti latsopano. Tiyerekeze kuti mukukhala m'nyumba ya lendi imene denga lake likudontha, munadandaula ku khonsolo ya mzinda, woyendera nyumba anabwera n'kujambula zithunzi, koma papita miyezi popanda chochitika. Mukalemba kuti, "Ndikufuna kudziwa chifukwa chake khonsolo sikuchitapo kanthu pa nyumba yathu," akhoza kukuyankhani mwaulemu kuti alibe chikalata chotero, ndipo adzakhala asanaphwanye lamulo. Koma mukalemba kuti mukupempha malipoti onse a oyendera nyumba okhudza nyumba ya pa adiresi yakutiyakuti, zithunzi zimene zinajambulidwa, makalata ochenjeza mwini nyumbayo, ndiponso maimelo a pakati pa ofesiyo ndi mwini nyumbayo kuyambira mwezi wakuti mpaka mwezi wakuti, mwamupatsa kalaliki zinthu zimene angathe kukazitulutsa m'kabati kapena m'kompyuta. Yankho la funso lanu lija mudzalipeza nokha m'mapepalawo.

Tchulani dzina la lamulo la chigawocho m'chiganizo choyamba, ndipo tumizani pempholo kwa ofisala amene ofesiyo inamusankha kuti azilandira mapempho otere, popeza m'zigawo zina masiku sayamba kuwerengedwa mpaka kalata itafika pa malo oyenera. Musamapemphe "zikalata zonse" za nkhani yaikulu popanda malire a nthawi, chifukwa pempho lotambasuka chomwecho limachedwa, limakwera mtengo, ndipo limapatsa ofesi mpata wonena kuti silikumveka. Ndi bwino kuyamba ndi pempho laling'ono lolunjika, kenaka n'kulembanso lachiwiri mutaona mayina, manambala a mafailo ndi masiku amene atuluka m'mapepala oyambawo. Kumbukiraninso kuti kalata yanuyo ikalowa mu ofesi ya boma, m'zigawo zambiri nayonso imasanduka chikalata chimene ena angapemphe kuchiona, motero musalembemo zachinsinsi za banja lanu kapena mawu aukali amene mungadzachite nawo manyazi.

Pa nkhani ya masiku, lembani tsiku limene mwatumiza pempho ndipo muziwerenga nokha. Ku New York ofesi imakhala ndi masiku 5 ogwira ntchito kuti ipereke chikalata, ikane, kapena ivomereze kuti yalandira pempho n'kunena nthawi imene idzayankhe. Ku Pennsylvania ndi ku Illinois nakonso ndi masiku 5 ogwira ntchito, ngakhale kuti ofesi ingathe kuwonjezera nthawi pa zifukwa zimene lamulo linatchula. Ku California ofesi imakhala ndi masiku 10 kuti inene ngati ili ndi zikalata zoti zingaperekedwe, ndipo ingawonjezere masiku 14 pa zochitika zapadera. Dziwani kuti masiku a ku California amenewa ndi opereka yankho, osati opereka mapepala enieniwo. Florida sinaike chiwerengero cha masiku, koma imafuna kuti ofesi iyankhe m'nthawi yoyenera.

Kuona zikalata muli mu ofesi nthawi zambiri n'kwaulere, koma makope amalipiritsa. Ku New York mtengo wake sudutsa masenti 25 pa tsamba wamba, ndipo ku Florida ndi masenti 15 pa tsamba losindikizidwa mbali imodzi. Ndalama zambiri zimabwera pamene ofesi yawerengera nthawi ya ogwira ntchito amene akufufuza mafailo. N'chifukwa chake muyenera kupempha kuti zikalata zimene zili kale m'kompyuta akutumizireni pa imelo, ndiponso kuti akudziwitseni mtengo asanayambe ntchito ngati ukudutsa ndalama zimene mwatchula. Ku Texas, mtengo ukadutsa madola 40, ofesi iyenera kukulemberani tsatanetsatane wake, ndipo mukapanda kuyankha m'masiku 10 ogwira ntchito, pempho lanu limatengedwa ngati mwalichotsa nokha.

Si zonse zimene zimaperekedwa. Mafailo a odwala, zotsatira za ana asukulu, kafukufuku wa apolisi amene sanathe, ndi malangizo a maloya kwa boma kawirikawiri zimatetezedwa, ndipo lamulo la boma lalikulu la 1994 limaletsa kuulula mwachisawawa zimene zili m'mafailo a ziphaso zoyendetsera galimoto. Satifiketi ya kubadwa kapena ya imfa imatsata njira ina, kudzera ku nthambi ya zaumoyo kapena kwa kalaliki wa boma laling'ono lotchedwa county, ndipo m'zigawo zambiri imaperekedwa kwa achibale okha kufikira patapita zaka zambiri. Zikalata za milandu zimapemphedwa kwa kalaliki wa khoti motsata malamulo a makhoti.

Mukalandira tsamba limene mizere ina yaphimbidwa ndi inki yakuda, mwina dzina limodzi pamwamba ndi ndime yathunthu pakati, musakhumudwe msanga, pakuti ndi mmene lamulo limafunira: chobisika chiphimbidwe, chotsalacho chiperekedwe. Chimene simuyenera kuvomereza ndi kukanizidwa failo yonse chifukwa cha mzere umodzi, kapena kukanizidwa popanda kuuzidwa gawo la lamulo limene ofesi yadalira. Pemphani kuti akulembereni gawolo, liwerengeni nokha, ndipo ngati silikugwirizana ndi chimene abisa, chitani apilo.

Njira ya apilo nayonso imasiyana. Ku Texas ofesi imene ikufuna kubisa chikalata ndiyo imayenera, pa nkhani zambiri, kupempha chigamulo kwa loya wamkulu wa boma la chigawocho m'masiku 10 ogwira ntchito, ndipo ikachedwa, lamulo limatenga kuti chikalatacho n'choyenera kuperekedwa. Ku New York mumachita apilo kwa mkulu wa nthambiyo m'masiku 30, ndipo iye ayenera kuyankha m'masiku 10 ogwira ntchito. Ku Pennsylvania, ofesi ikangokhala chete mpaka masiku ake atatha, lamulo limawerenga kuti yakana, ndipo inu mumakhala ndi masiku 15 ogwira ntchito kuti mukadandaule ku Office of Open Records, ofesi ya chigawocho yomva madandaulo okhudza zikalata za boma. Ku Illinois dandaulo limapita m'masiku 60 kwa Public Access Counselor, ofisala wa chigawocho amene amamva madandaulo otere. Ku California kulibe ofesi yapadera yomva madandaulo otere, kotero wokanizidwa amapita ku khoti, ndipo akapambana, nthambi ya bomayo imalipira ndalama za loya wake. Potumiza apilo kulikonse kumeneku, ikanimo kope ya pempho lanu, umboni wa tsiku limene munalitumiza, yankho limene munalandira, ndi masamba ophimbidwa amene mukuwatsutsa.