Mwakalambira kuno koma chitupa mulibe: poyambira pake pofuna unzika wa Malawi

Amene mumayenda msewu wa M1 kuchokera pa Dedza kudzera pa Lizulu mpaka pa Biriwiri mukudziwa kuti malo ambiri malire a Malawi ndi Mozambique ndi msewu womwewo. Tsidya lino ndi kwathu, tsidya ilo ndi Angonia, koma chilankhulo n'chimodzi, ngoma timavina imodzi, maliro timaikira limodzi. Pa nkhondo ya ku Mozambique, yomwe inatha mu 1992, abale athu anadzaza midzi ya kuno. Ena anabwerera, ena anakwatira n'kukhazikika, ndipo panalibe wowafunsa. Zinthu zinatembenuka mu 2017 a NRB, bungwe la boma lopereka ziphaso za unzika, atalemba anthu m'kaundula. Lero feteleza wotsika mtengo, akaunti ya ku banki, pasipoti, zonsezi amayamba ndi funso limodzi: chiphaso cha unzika chili kuti?

Ine ndimalembera a mfumu makalata m'mudzi mwathu kuno ku Ntcheu, ndiye a vutoli amafikira pakhonde panga. Choyamba chimene ndimawafunsa si dzina lawo ayi, koma cha makolo awo.

Chifukwa chake n'chakuti ambiri amene amadziyesa obwera ndi Amalawi kale. Kubadwira m'dziko muno pakokha sikupatsa munthu unzika, koma ngati munabadwira kuno ndipo mmodzi mwa makolo anu, kaya mayi kaya bambo, ndi nzika, inunso ndinu nzika. Mutabadwira ku Ulongwe wa ku Mozambique, koma mayi kapena bambo anu ali Mmalawi wobadwira kuno, unzika mumatengera kwa iwowo. Kunabwera mnyamata wina wolima mbatatesi, chipewa chili m'manja, akulankhula chapansipansi ngati waba nkhuku: "Achimwene, ine bambo anga ndi a kutsidya." Nditafunsa za mayi ake, anali mwana wa m'mudzi momwemo, manda a agogo ake akuonekera pakhonde pomwe tinakhalapo. Wotereyu safunika kupempha unzika. Atenge chiphaso cha khololo, khadi la kusikelo kapena kalata ya ubatizo ngati ilipo, kalata ya a mfumu, apite ku ofesi ya NRB pa boma. Wa zaka 16 kupita m'tsogolo amajambulitsa chiphaso.

Nkhani imakula ngati makolo onse awiri ndi a kunja. Apa a NRB si eni nkhani. Eni ake ndi a Immigration, ndipo wovomereza pomaliza ndi nduna yoona za chitetezo cha m'dziko, motsatira lamulo la unzika la 1966. Ndinenenso poyera, poti ambiri amanamizana pa mowa: ukwati paokha susandutsa munthu Mmalawi. Mtengwa kapena mkamwini wa kutsidya, ngakhale atabereka ana khumi, amayenera kupempha.

Yambani ndi kulongosola kakhalidwe kanu. Lamulo limafuna kuti munthu akhale atakhazikika m'dziko zaka 7, kapena 5 kwa nzika za mayiko a Commonwealth. Mozambique inalowa m'bungweli mu 1995, choncho funsani ofesala kuti inu akuikani njira iti. Koma zaka sizionetsedwa ndi imvi. Zimaonetsedwa ndi mapepala, ndipo pepala lolemera kwambiri ndi chilolezo chokhala m'dziko, makamaka chokhazikika chija amachitcha PRP. Ngati mulibe ngakhale chitupa cha kwanu, dzerani kaye kumeneko. Ofesi iliyonse imafuna kudziwa kuti ikulankhula ndi ndani.

Kenako sonkhanitsani zina zonse mu pepala la pulasitiki, kutali ndi chiswe ndi denga lodontha: kalata ya ukwati, ziphaso zobadwira za ana, mabuku a kuchipatala akale, malipoti a sukulu a ana, kalata ya kumpingo kapena kumzikiti, zithunzi. Chitani fotokope chilichonse. Adzafuna umboni woti ndinu munthu wa khalidwe, ndiye nkhani ya milandu ku polisi ikhale yoyera. Za chilankhulo musade nazo nkhawa, Chichewa cha ku Angonia n'chomwechi. Pomaliza pali lumbiro lokhulupirika ku dziko la Malawi. Lamulo lololeza unzika wa mayiko awiri, lomwe aphungu anavomereza mu 2018, linaganizira Amalawi obadwa ndi otengera kwa makolo, ndiye inu wopempha konzekani kuti nkhani yosiya unzika wakale ibwera.

Ndalama mulipire pa ofesi, mulandire lisiti la boma. Adobadoba amene amakudikirirani panja ndi kuti "tikuthamangitsirani fayilo" muwalambalale. Chinanso, musavutitse a mfumu kuti alembe zoti munabadwira kuno pamene munabadwira ku Domwe, kutsidya. Ine kalata yotero sindilemba, ngakhale mubwere ndi tambala. Unzika wopezeka mwachinyengo boma limatha kulanda, ndipo bodzalo limagwera ana amene analembetsa kudzera mwa inu.

Ena amafunsa kuti kuvutika konseku n'kwa chiyani, poti akudya ndi kugona bwinobwino. Yankho lalikulu kuno ndi munda. Lamulo la malo a m'midzi la 2016 limalola nzika kulembetsa malo a makolo m'dzina lawo, mlendo ayi. Mwamuna akamwalira, mayi amene walima mundawo zaka makumi atatu amadalira chifundo cha alamu ake basi. Malonda a m'golosale nawonso ali ndi malamulo okhwima kwa wakunja, ndipo tonse tinaona mu 2023 othawa nkhondo akunyamulidwa m'matauni kubwezedwa ku Dzaleka, ena atachita bizinesi zaka zambiri. Chodabwitsa n'chakuti malamulo oyendetsera dziko amalola mlendo wokhazikika zaka 7 kuvota, ngakhale munda sangalembetse.

Pamene fayilo yanu ikuyenda, ndipo imayenda pang'onopang'ono, musaimitse za ana. Ngati mmodzi wa inu awiri ndi Mmalawi, iyeyo awatengere ziphaso zobadwira sabata ino, a mfumu ndi ankhoswe amene akudziwa mbiri ya banja lanu akadali moyo.