Kamba wanu akutha thupi m'galaja inu muli phee

Chisanu chino, pafupifupi aliyense woweta kamba amene ndamuyendera kuno ku England walakwitsa chimodzimodzi. Anamuika m'katoni mu Novembala, n'kumukankhira m'galaja kuti agone tulo ta chisanu (tulo ta miyezi ingapo osadya), osamuikapo pasikelo ngakhale kamodzi. Akuti adzamuona mu Malichi. Mudzaona chiyani, chigoba?

Kamba wa mtundu wa Hermann kapena Horsfield akagona tulo ta chisanu amatsikadi thupi, koma pang'ono kwambiri, pafupifupi 1 peresenti ya kulemera kwake pamwezi. Wa magalamu 800 ataye magalamu 8 pamwezi, basi. Izi zimatheka malo akamazizira pa madigiri 5 a Celsius. Galaja likafunda kupitirira madigiri 10, monga zimachitikira masiku ena a Disembala, thupi lake limadzuka n'kuyamba kudya mafuta amene anasunga, m'mimba mulibe kanthu. Amapalasa katoni, kugonanso, kudzukanso, mafuta akungotha.

Choopsa kwambiri ndi mkodzo. Madzi omusunga miyezi yonseyi ali m'chikhodzodzo. Akakodza ndiye kuti nkhokwe yakhuthuka, ndipo impso zimayamba kuvutika. Pofika Malichi maso alowa m'kati, chakudya akukana, mpaka dokotala wa ziweto kumudyetsa kudzera m'chubu. Ndalama zake mungagule nazo masikelo ambirimbiri.

Bambo wina wa ku Luton anandiseka nditafunsa za sikelo. "Achimwene, kamba safa ndi njala. Kwathu ku Mchinji amadziyendera yekha m'tchire, amamuyeza ndani?" Titatsegula katoni, nyuzipepala yapansi inali chinyowere, pali timibulu toyera ta mkodzo, kamba wapepuka m'manja. Akamba a kwathu, monga uja wa chigoba chamawangamawanga, sagona tulo totere, ndipo amene ali naye asayerekeze kumugoneka pozizira. Za ku Mchinji sizikugwira ntchito pa kamba wa Hermann kapena Horsfield. Nanga izi zoti agogo a aneba anu ankangomuponya m'udzu wouma mpaka chisanu chithe, zandikwana. Anakuuzani kuti anafa angati, kapena angati anadyedwa miyendo ndi makoswe?

Tengani sikelo ya kukhitchini yoyeza magalamu, muzimuyeza sabata iliyonse n'kulemba. Kumugwira pang'ono sikumudzutsa. Ikani choyezera kutentha m'katonimo. Firiji yapayokha ndi yabwino kuposa galaja, bola muzitsegula chitseko tsiku lililonse kuti mpweya ulowe, ndipo isafike pa 0 chifukwa maso amawonongeka. Akatsika mopitirira 1 peresenti pamwezi kapena akakodza, m'dzutseni. Afunde pang'onopang'ono, akhale m'madzi ofunda ofika pachibwano kuti amwe, kenako pansi pa nyale yotenthetsa, osamubwezanso kozizira. Asagone kupitirira masabata 12. Akadzuka, sabata n'kutha asanadye, thamangirani kwa dokotala.